Minibasi yapha agogo ndi mdzukulu wawo, akuti "sankagwira ntchito": chipukuta misozi chake chimawerengedwa bwanji?

Nangozo wa ku Ntcheu walemba:

Ndikupempha nzeru kwa odziwa malamulo. Miyezi inayi yapitayi minibasi inagunda mayi anga aakulu, a zaka 74, pamodzi ndi mdzukulu wawo wa zaka 6 akuwoloka msewu wa M1 pochokera ku chigayo. Mwanayo anafera pomwepo. Mayiwo anathyoka fupa la ntchafu cha m'chiuno, anagonekedwa m'chipatala, kenako anawatulutsa, n'kumwalirira kunyumba patatha milungu itatu chichitikireni ngoziyo. Mtembo wawo sunapimidwe.

Mayiwa ndi amene ankalera ana anayi a malemu mwana wawo wamkazi, ndipo amene wafa pangoziyu anali chitsirizira. Atsala atatu, a zaka 9, 12 ndi 16. Pakhomopo palinso mnyamata wa zaka 15, mdzukulu wa mng'ono wawo, amene wakulira m'manja mwawo. Mwana wawo wamoyo ndi mmodzi, wamwamuna, amakhala m'tauni. Bambo wa ana amasiyewa anachoka kalekale ndipo sathandiza chilichonse.

Mwini minibasi anagula mabokosi awiri ndi matumba awiri a chimanga pa maliro. Tsopano kwabwera munthu wina ndi pepala, akuti akuthandiza za inshuwalansi. Akunena kuti popeza mwana sankagwira ntchito ndipo agogo anali atakalamba kale, palibe chambiri chomwe tingapeze, bola tisaine tilandire kangachepe komwe kalipo. Akutinso imfa ya agogo siwerengedwa chifukwa anafera kunyumba.

Kodi zimenezi n'zoona? Woyenera kusuma ndani? Nanga tili ndi nthawi yaitali bwanji?

WakuChichiri wayankha:

Pepani ndi zovuta ziwiri nthawi imodzi, mayi. Pepalalo musasaine, ndipo pasapezeke wina aliyense pabanjapo wosaina kapena kudinda chala. Zimene wanena munthuyo zili ndi kachoonadi pang'ono pa nkhani ya mwana, koma pa nkhani ya agogo wanama.

Lamulo lomwe limagwira ntchito pa milandu yotere ndi Statute Law Miscellaneous Provisions Act. Khoti silipereka ndalama imodzi yongoti "ya imfa". Limagawa mlandu m'zigawo, chilichonse n'kuchiwerengera pachokha, ndipo pano muli ndi anthu awiri, ndiye kuti aliyense ali ndi zigawo zake.

Gawo loyamba maloya amalitcha loss of expectation of life. Iyi ndi ndalama yolipira chifukwa moyo wa munthu wadulidwa, ndipo siyang'ana ngati munthuyo ankalandira malipiro kapena ayi. Khanda, mwana wa sukulu, agogo, onse amapatsidwa. Siwerengedwa ndi masamu. Registrar wa ku High Court, amene amakhala pansi kuwerengera chipukuta misozi mlandu ukatha, amayang'ana zimene zinaperekedwa pa milandu yofanana nayo n'kuganiziranso kugwa mphamvu kwa kwacha. Apa ndi pamene loya waulesi amakuluzitsani. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye loya wobweretsa zigamulo za 2018 ngati chitsanzo akupempha ndalama yomwe inatha mphamvu kale. Akuyenera kubweretsa zigamulo zaposachedwa.

Musayembekeze kuti chifukwa mwanayo anali ndi zaka zambiri kutsogolo ndiye kuti gawoli likhala lalikulu koposa. Makhoti athu amatsatirabe ganizo la mlandu wa ku England wa Benham v Gambling wa mu 1941, wa mwana wa zaka ziwiri ndi theka yemwe anafa pa ngozi ya pamsewu. Khoti lalikulu linatsitsa ndalamayo kuchoka pa £1,200 kufika pa £200, ponena kuti chomwe chikulipidwa ndi chiyembekezo cha moyo wabwino, osati kuchuluka kwa zaka, ndipo kuti ndalamayo izikhala yapakatikati. Ku England komweko gawoli analichotsa mu 1982, koma kuno likadalipo.

Gawo lachiwiri ndi loss of dependency, kutanthauza thandizo lomwe otsala ataya. Apa ndi pomwe pali mlandu weniweni wa agogo. Khoti limatenga ndalama yomwe womwalirayo ankapeza pamwezi, limachotsapo gawo lomwe akanadya yekha, kawirikawiri limodzi mwa magawo atatu, zotsalazo n'kuchulukitsa ndi miyezi 12, kenako ndi chiwerengero cha zaka chomwe amati multiplier. Munthu wopanda payslip, monga mlimi kapena wa geni, makhoti amakonda kumuwerengera pa malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa. Tingoyerekeza ndi K90,000 pamwezi kuti muone mmene zimayendera: kuchotsa gawo lawo kutsala K60,000, pachaka K720,000, ndipo ngati multiplier ili 4 ndiye K2,880,000. Ikatsika kufika pa 2, ndalamayo yatsika ndi theka. Mkangano wonse pa munthu wokalamba umagona pa nambala imeneyi.

A inshuwalansi adzanena kuti mayi anu anali atapyola kale zaka zomwe Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo, choncho multiplier ikhale yaing'ono kwambiri. Yankho lake lilipo. Chiwerengero chimenecho amachiyeza kuyambira pobadwa, ndipo chimatsika chifukwa cha imfa za makanda ndi achinyamata. Munthu amene wafika zaka 74 akulima yekha ndi kusenza ufa kuchokera ku chigayo sali m'gulu lomwelo ndi wodwala wa pa mphasa. Koma zimenezi khoti silingazilote, pamafunika umboni. Sonkhanitsani chilichonse chosonyeza kuti pakhomopo ankayendetsa ndi iwo: kukula kwa munda ndi matumba omwe ankakolola, buku la banki mkhonde, khadi la Mtukula Pakhomo ngati ankalandira, malisiti a sukulu a mwana wa zaka 16 uja, mayina a omwe ankagula nawo tomato kapena zitumbuwa ngati ankagulitsa. A mfumu ndi aphunzitsi aakulu a pa sukulu ya anawo ndi mboni zabwino chifukwa sapindulapo kanthu. Musaiwale ntchito zosalipidwa. Kuphikira ana, kutunga madzi, kuchapa, kuwaperekeza ku chipatala, zonsezi ndi thandizo lomwe latayika, ndipo loya akhoza kulisandutsa ndalama poyerekeza ndi zomwe mungalipire munthu wantchito.

Pa mwana wa zaka 6, gawo lachiwirili ndi lofooka, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Lamulo silifuna kuti mwanayo akhale atayamba kale kuthandiza, koma pakhale chiyembekezo chomveka kuti akanadzathandiza. Pa mlandu wa Taff Vale Railway v Jenkins wa mu 1913, makolo a mtsikana wa zaka 16 yemwe anali pafupi kumaliza kuphunzira utelala anapatsidwa ndalama ngakhale anali asanabweretsepo ndalama ina iliyonse pakhomo. Pa Barnett v Cohen wa mu 1921, bambo wa mwana wosakwana zaka zinayi sanapatsidwe, khoti linati kumeneko n'kungoganizira. Wa zaka 6 ali pafupi ndi wachiwiriyu. Makhoti a kuno sagamula mofanana pa ana aang'ono, ena amaperekako poganizira kuti kwathu kuno mwana ndiye amadzasamala makolo. Koma vuto lanu ndi lina: oyenera kulandira gawoli pa imfa ya mwana ndi makolo ake, kuphatikizapo agogo. Mayi ake anamwalira, agogo ake amwalira, bambo ake anachoka kalekale, ndipo abale ake obadwa nawo sali pa mndandanda wa lamulo.

Mndandandawo ndi waufupi: mkazi, mwamuna, kholo ndi mwana. Mawu akuti mwana amaphatikiza mdzukulu ndi mwana wopeza, ndipo kholo limaphatikiza agogo ndi kholo lopeza. Ndiye ana atatu aja akulowa bwinobwino ngati zidzukulu. Mnyamata wa zaka 15 uja, ngakhale pa mwambo wathu ndi mdzukulu wawo ndithu, pa lamuloli salowa. Izi zimapweteka mabanja ambiri a chikamwini, kumene munthu amalera ana a mlongo wake kapena a mng'ono wake ngati ake, koma ndi mmene lamulo linalembedwera.

Gawo lachitatu ndi zomwe munawononga komanso ululu womwe womwalirayo anamva asanafe. Agogo anakhala milungu itatu akuvutika ndi fupa lothyoka, ndipo mlandu wa ululu umenewo sufa nawo limodzi, umatsalira chuma chawo chamasiye. Ambiri amaiwala kuupempha. Za maliro, thiransipoti ya ku chipatala ndi mankhwala ziyenera kulembedwa chimodzichimodzi m'zikalata za mlandu, ndi malisiti ake. Zomwe mwini minibasi anagula musazibise, zidzangochotsedwa pa gawo la maliro basi.

Wosuma ndi munthu amene watenga letters of administration, chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha womwalira. Pa agogo, woyenera kwambiri ndi mwana wawo wa m'tauni uja. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi woteroyo asanasume, kapena ngati palibe, odalira womwalirayo akhoza kusuma okha gawo la thandizo lija, ana aang'ono kudzera mwa munthu wamkulu wowaimira. Mlandu umaloledwa umodzi wokha pa imfa imodzi, choncho mayina ndi zaka za ana onse atatu zilembedwe kuyambira pachiyambi. Wosiyidwa sadzakhala ndi mwayi wina. Nthawi ya gawo la thandizo ndi zaka zitatu kuchokera tsiku la imfa, koma pa magawo enawo werengani zaka zitatuzo kuchokera tsiku la ngozi. Musadalire makalata okambirana ndi a inshuwalansi, sayimitsa nthawiyo.

NaPhiri wa ma claim wayankha:

Pepani achemwali. Ine ndiwonjezere za mbali ya inshuwalansi, chifukwa chigamulo cha khoti ndi china, ndalama kufika m'manja mwa ana ndi chinanso.

Munthu wabwera ndi pepalayo mumufunse dzina la kampani, ndipo muyimbe nokha ku ofesi ya kampaniyo kufunsa ngati amamudziwa. Pali madobadoba amene amatenga mayina a anamfedwa ku zipatala ndi ku polisi, n'kuwasainitsa pepala lopereka mphamvu kwa loya yemwe banjalo silinamuonepo. Mlandu umayenda, cheke chimatuluka, banja n'kulandira nyenyeswa kapena osamva n'komwe. Mtundu wina wa pepala ndi discharge, yomwe imanena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu kwa kampani, kwa mwini galimoto ngakhale kwa dalaivala. Mukasaina imeneyo, kuibweza n'kovuta kwambiri. Jambulani pepalalo pa foni masamba onse, mumubwezere losasaina.

Yambani ndi lipoti la apolisi a traffic. Mmenemo mumakhala nambala ya galimoto, dzina la mwini wake, dzina la dalaivala, kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya satifiketi yake. Onetsetsani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi inshuwalansiyo inali ikugwira ntchito pa tsiku la ngoziyo? Alipo eni magalimoto amene amathamanga kukadula inshuwalansi mawa lake. Chachiwiri, kodi amene walembedwa kuti ndi dalaivala ndi yemwe ankayendetsadi? Pa minibasi n'zofala kuti dalaivala weniweni apereke galimoto kwa waganyu kapena kondakitala iye akupuma, ngozi ikachitika n'kudzabwerera pa chiwongolero apolisi asanafike. Funsani omwe anakwera ndi ogulitsa malonda pamalopo. Zikakhala choncho, kampani imayesa kukana ponena kuti woyendetsayo analibe laisensi yoyenera kapena chilolezo, ndipo mwini galimoto amayesa kunena kuti munthuyo si wantchito wake. N'chifukwa chake loya amasumira onse atatu pamodzi: dalaivala, mwini galimoto ndi kampani. Road Traffic Act imalola kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji.

Chomwe anthu ambiri sadziwa ndi chakuti inshuwalansi ili ndi malire. Kampani imalipira mpaka pa ndalama yolembedwa mu policy, chikalata cha pangano la inshuwalansi, ndipo m'milandu yambiri ya zaka zapitazi malire a K5,000,000 ndi omwe akhala akuoneka. Khoti likagamula zoposa pamenepo, zotsalazo mumakazifuna kwa mwini galimoto ndi dalaivala. Popeza pano pafa anthu awiri, loya wanu apemphe policy yeniyeniyo awerenge ngati malirewo ali pa munthu mmodzi aliyense kapena pa ngozi yonse, komanso ngati ndalama zoyendetsera mlandu zikudya m'malire momwemo. Kusiyana kwake ndi kwakukulu. Ngati pa ngozi yomweyo panavulala ena ndipo malire ndi a ngozi yonse, wochedwa amapeza mphika atakokota kale anzake.

Za mwini minibasi, lembani zomwe mukudziwa: magalimoto ena omwe ali nawo, nambala zake, komwe amakhala. Mlandu ukatha osalipira, ma sheriff amalanda katundu, koma amalanda zomwe zilipo m'dzina lake. Ena akangomva za samani amagulitsa galimoto kapena kusintha umwini ku Road Traffic. Pa owerenga ena amene wachibale wawo anagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza, vuto limakhala lomweli koma lalikulu, chifukwa njinga zambiri zilibe inshuwalansi, ndiye mumatsala ndi mnyamata woyendetsa ndi mwini njinga basi.

Zikalata zoti mukhale nazo mu fayilo imodzi: lipoti la apolisi, satifiketi ya imfa ya aliyense yochokera ku NRB kudzera kwa DC, chiphaso cha unzika cha agogo, kabuku ka kuchipatala ka mwanayo ndi ka agogo, umboni wa zaka za ana otsala, malisiti onse, ndi letters of administration zikatuluka. Musapereke zenizeni kwa aliyense, perekani mafotokope, ndipo wolandira asaine kuti walandira pa tsiku lakuti.

Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Mukapeza loya wolipira, pangano la malipiro ake likhale lolembedwa mlandu usanayambe, ndipo muuzeni kuti mukufuna kuona kalata ya kampani yosonyeza ndalama yonse yomwe yatuluka. Wogonja pa mlandu amalipiranso gawo la ndalama zoyendetsera mlanduwo pamwamba pa chipukuta misozi, ndiye funsani kuti zimenezo zapita kuti. Loya akakuzembani, dandaulo limapita ku Malawi Law Society. Kampani ikamangokuzengerezani popanda chifukwa, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.

Wa pa wodi ya mafupa wayankha:

Zoti imfa siwerengedwa chifukwa munthu wafera kunyumba si zoona, koma apa ndi pomwe mlandu wanu ungagwere mukapanda kukonzekera. Muyenera kusonyeza kuti ngoziyo ndi yomwe inabweretsa imfayo, ndipo mtembo sunapimidwe.

Kwa azachipatala, munthu wa zaka 74 kumwalira patatha milungu itatu atathyoka fupa la m'chiuno si chinthu chachilendo. Fupalo silipha palokha, chimapha ndi kugona osadzuka. Munthu akagona chagada masiku ambiri, mapapo sakutumuka mokwanira, makhololo amadzadza, chibayo n'kulowa. Magazi amaundana m'mitsempha ya mwendo wosayendawo, kachidutswa n'kuthothoka kukatseka mtsempha wa m'mapapo, ndipo munthu amafa mwadzidzidzi akubanika. Zilonda zimatuluka pa matako ndi pa zidendene, zikalowa tizilombo matenda amafalikira m'magazi. Palinso china chomwe chimaphonyedwa: wokalamba akamenyetsa mutu, magazi akhoza kumadontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, zizindikiro n'kudzaoneka patatha milungu, monga kusokonezeka mutu, kugona kwambiri, kapena kufooka mbali imodzi.

Ndiye chitani izi msanga, anthu asanaiwale. Amene ankawadwazika akhale pansi alembe mmene masiku otsiriza anayendera: kodi ankatsokomola, thupi linkatentha, ankapuma mobanika, mwendo unatupa, panali zilonda, ankalankhula zomveka, anasiya liti kudya? Alembe zomwe anaona, asawonjezere. Kenako mutenge kabuku kawo ka kuchipatala, X-ray ngati anakupatsani, tsiku lomwe anagonekedwa ndi lomwe anatuluka, ndi dzina la wodi, mukapemphe medical report kwa dokotala kapena clinical officer yemwe ankawaona. Lipotilo linene za kuvulala, chithandizo chomwe analandira, mmene analili potuluka, ndi maganizo a dokotalayo ngati imfa yotereyi ikugwirizana ndi kuvulalako. Loya akalemba kalata yopempha, zimayenda mwachangu kuposa kupita pakamwa. Mafayilo a m'zipatala amasokonekera pakapita nthawi, musadikire chaka.

Pa mlandu wa chipukuta misozi simufunika kutsimikiza mopanda chikayiko chilichonse ngati pa mlandu wa upandu. Mukungofunika kusonyeza kuti n'zothekera kwambiri kuti anafa chifukwa cha ngoziyo kusiyana ndi china. Kabuku kawo kakasonyeza kuti anali ndi BP kapena shuga, musang'ambe tsamba, musabise. Lamulo limati wogunda munthu amamutenga mmene wamupezera, kufooka kwa mafupa kapena matenda akale si chothawirapo chake. Komanso kabuku komweko kakhoza kukuthandizani posonyeza kuti kwa zaka zambiri sanagonekedwepo.

Zomwe zingakuvuteni ndi izi: ngati banja linawatulutsa m'chipatala madokotala asanalole, ngati anauzidwa kubwerera pa tsiku lakuti koma sanapite, kapena ngati anapita nawo kwa asing'anga kukamanga fupalo. A inshuwalansi adzati unyolo wolumikiza ngoziyo ndi imfayo unadukira pamenepo. Ngati chilipo chotere, loya wanu achimve kwa inu pa tsiku loyamba, asakachimvere m'khoti.

Wina akhoza kukuuzani zofukula mtembo. Pamafunika chilolezo cha lamulo, ndalama zake n'zambiri, ndipo patatha miyezi yoposa itatu mapapo ndi mitsempha zinawola kale, chibayo kapena magazi oundana sizingaonekenso. Chingaoneke ndi fupa lothyoka, lomwe X-ray ikusonyeza kale. Pa mlandu uwu sindikuona phindu lake.

Za mwana n'zosavuta. Popeza anafera pamalo a ngozi, apolisi ayenera kuti anatengera thupi ku chipatala kuti lionedwe, ndipo pamakhala fomu yolembedwa chomwe chinamupha. Pemphani kope yake.

Nangozo wa ku Ntcheu walembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Lipoti la apolisi talitenga. Lalembedwa kuti mwana anathamangira mumsewu ndipo agogo anamutsatira. Mlandu wa dalaivala ukadali kwa majisitireti. Chinanso, bambo wa anawa watulukira atamva za ndalama, akuti za mwana wake ndi zake, ndipo ana atatuwo awatenga. Kodi lipotili latiphera mlandu? Nanga bamboyu tingamukanize?

WakuChichiri wayankhanso:

Lipotilo silinakuphereni mlandu, mayi. Wapolisi amene analemba sanaone ngoziyo, analemba zomwe anauzidwa, ndipo nthawi zambiri woyamba kufotokoza amakhala dalaivala chifukwa enawo ali ku chipatala. Khoti limamva mboni palokha. Chofunika kwambiri kuposa mawu a m'lipotimo ndi chojambula cha apolisi cha pamalo a ngozi: pomwe galimoto inagundira, kutalika kwa mikwasa ya mabuleki, pomwe matupi anagwera, ndi pomwe galimoto inakaima. Minibasi yomwe yakaima patali kwambiri ndi pomwe yagundira imadzichitira yokha umboni wa liwiro. Ngati pamalopo pali msika, sukulu, zikwangwani kapena mizere yowolokera, kajambuleni lero. Tengani manambala a foni a mboni zosachepera ziwiri zomwe si achibale.

Mwana wa zaka 6 khoti silimuyeza ndi muyezo wa munthu wamkulu. Pa mlandu wa Gough v Thorne wa mu 1966, ngakhale mtsikana wa zaka 13 sanapezeke wolakwa powoloka msewu, ndipo woweruza ananena kuti mwana wamng'ono kwambiri sangaimbidwe mlandu wa kusasamala. Dalaivala akaona ana m'mphepete mwa msewu amayenera kuyembekezera kuti wina athamanga, n'kuchepetsa liwiro. Pa agogo, kampani idzayesa kunena kuti nawonso analakwitsa polowa mumsewu. Zikatheka, mlandu sugwa, ndalama ndi yomwe imachepetsedwa molingana ndi gawo la kulakwa kwawo: khoti likati analakwa magawo 20 pa 100, pa K2,880,000 ija pachoka K576,000. Koma ngati analowa mumsewu pofuna kupulumutsa mwana, lamulo silifulumira kudzudzula wopulumutsa mnzake pa ngozi yomwe wayambitsa ndi wina. Mawu a m'lipoti aja akhoza kukuthandizani m'malo mokupwetekani.

Mlandu wa kwa majisitireti ndi wa boma ndi dalaivala, cholinga chake ndi chilango. Musaudikire kuti uthe musanasume wanu. Pakhale munthu wopita kukamvera tsiku lililonse lomwe ukulowa, alembe nambala ya mlandu ndi mayina a mboni. Dalaivala akavomera kulakwa, loya wanu atenge zolembedwa za khotilo. Akamasulidwa, wanu ukhoza kupambanabe chifukwa muyezo wa umboni ndi wosiyana.

Za bamboyo, siyanitsani ndalama ziwiri. Pa imfa ya mwana, iye ndi kholo pa lamulo ndipo simungamufufute ndi mawu apakamwa. Koma thandizo lomwe anganene kuti wataya kwa mwana yemwe sankamulera n'lovuta kuti alitsimikize, ndipo akafuna kutenga letters of administration za mwanayo, banja likhoza kukatsutsa ku khoti n'kupereka umboni wakuti anawathawa. Chitani zimenezi msanga, chifukwa akayamba ndi iye kusuma kapena kusaina discharge, mlandu wa mwana watha.

Ndalama ya thandizo lomwe ana atatu ataya pa imfa ya agogo awo si ya bamboyo, si ya mwana wa agogo wa m'tauni uja, ndipo si chuma chamasiye chogawana pa msonkhano wa banja. Ndi ya anawo mayina awo. Khoti limaigawa, ndipo wamng'ono amalandira gawo lalikulu chifukwa akanadalira agogo nthawi yaitali kuposa wa zaka 16. Mgwirizano uliwonse wokhudza ndalama za ana uyenera kuvomerezedwa ndi khoti, ndipo loya apemphe lamulo lonena komwe ndalamazo zisungidwe ndi amene angatapeko, pa zifukwa ziti, monga fizi ndi chipatala. Popanda lamulo lotere, amene akusunga anawo pa tsiku lomwe cheke chatuluka ndi amene amadya, ndipo n'kutheka kuti bamboyo akudziwa zimenezi. Nkhani yoti ana akhale ndi ndani ipite ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu ndi ku khoti la ana, komwe amayang'ana ubwino wa anawo. Zomwe zimalowa m'chuma chamasiye cha agogo ndi gawo la moyo wodulidwa ndi la ululu lija, ndipo zimagawidwa motsatira Deceased Estates Act ya 2011, lamulo lomwelo lomwe linati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu wa upandu.

NaPhiri wa ma claim wayankhanso:

Pamodzi pokha ndisiyane pang'ono ndi abambo a ku Chichiri. Sikuti kukambirana ndi kampani n'koipa nthawi zonse. Milandu ya ku High Court imadutsa kaye pa mkhalapakati, ndipo ikapitirira imatha zaka, kwacha ikugwa, ana akufuna fizi lero. Kampani ikavomera kulipira malire onse a policy pa imfa iliyonse, palibe chomwe mungaifinyenso ngakhale mutapambana, ndiye kulandira n'kwanzeru. Chachikulu ndi mawu a mu discharge. Alembe kuti mukumasula kampani yokha, pa ndalama yakutiyakuti, ndipo ufulu wofuna zotsala kwa mwini galimoto ndi dalaivala ukhalebe. Mapepala akhale awiri, la agogo ndi la mwana, lililonse ndi ndalama yake, ndipo gawo la ana atatu lidutse ku khoti lisanasainidwe.